Mlandu wa Shire ndi Ruo, 1889 mpaka 1891: anakambirana kapena anangoopsezana?

Aphunzitsi a ku Chiromo:
Moni nonse. Dzulo madzulo ndinali pa gombe pomwe Ruo amathira m'Shire, ndili ndi mdzukulu wanga wa Fomu 3. Amayi ena ankawoloka pa bwato kuchokera tsidya la Mozambique atanyamula madengu a mbatata. Mwanayo anandifunsa kuti, "Agogo, anthu awa timamvana nawo chilankhulo, maliro timalira limodzi. Anagamula ndani kuti tsidya ilo ndi dziko lina?" Funso limeneli landisowetsa tulo, ndiye ndati ndilitule pano.

Pofika 1889 maufumu awiri a ku Ulaya ankati dera la Shire ndi lawo. Apwitikizi ankati iwo ndi akale kuno, poti anakhazikika ku Sena ndi ku Tete kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo anali atajambula mapu opaka utoto wa pinki kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique, ife tili m'kati. Angerezi ankati pepala si umboni, umboni ndi anthu amene ali pamalopo: mishoni ya Livingstonia ya 1875, ya Blantyre ya 1876, ndi kampani ya Mandala ya 1878. Pa 11 Januwale 1890 kazembe wa Britain ku Lisbon, George Petre, anapereka kalata yolamula kuti asilikali a Chipwitikizi achoke ku Shire ndi ku Mashonaland (dera la ku Zimbabwe wa lero), apo ayi iye atseka ofesi n'kunyamuka. Apwitikizi anagonja. Pangano lomaliza linasainidwa pa 11 Juni 1891, ndipo Ruo ndiye malire mpaka lero.

M'mabuku timati nkhaniyi inatha mwa zokambirana za akazembe. Mawu amenewo ndi amene ndikufuna tiwaunike. Kunali kukambirana, kapena wamphamvu anangokweza chibakera?

Mbewe wa ku Ulongwe:
Zikomo aphunzitsi. Ine ndili mbali ino ya Angonia, sukulu ndinaphunzira m'Chipwitikizi. Kalata mukunenayo kuno ili ndi dzina lake, Ultimato, ndipo ku Portugal amaikumbukira ngati tsiku lamanyazi. Chinawawawa kwambiri n'choti anawachita zimenezi ndi bwenzi lawo lakalekale, poti ubale wa maiko awiriwa unalembedwa m'pangano la Windsor la 1386. Boma la José Luciano de Castro linagwa pasanathe masiku. Anthu anadzaza misewu ya Lisbon. Nyimbo ya fuko imene Apwitikizi amaimba lero inapekedwa chaka chomwecho cha 1890 chifukwa cha mkwiyo umenewu. Pa 31 Januwale 1891 asilikali anaukira ku Porto pofuna kuchotsa ufumu, ndipo ngakhale analephera, ufumuwo sunachirenso bwino mpaka unagwa mu 1910.

Tsono ndikuti mtsinje umene amayi aja ankawoloka ndi mbatata unagwedeza mpando wa mfumu ku Ulaya.

Komanso tisamaone ngati Apwitikizi analibiretu mfundo. Gaspar Bocarro anadutsa dera la Shire mu 1616. Lacerda anapita kwa Kazembe mu 1798. Monteiro ndi Gamitto anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831, Livingstone asanalote n'komwe zobwera kuno. Ndipo mu 1888 ndi 1889 António Maria Cardoso anayenda mpaka kunyanja n'kusainitsa mafumu ena a Chiyao mapepala. Ngati mlandu unali wa "anayamba kufika ndani", Angerezi sakanapambana.

Mkulu wa mpingo ku Ndirande:
A Mbewe, kudutsa si kukhala. Munthu akadutsa m'munda mwanu popita kumsika, mundawo sukhala wake. Amishoni a ku Scotland anamanga nyumba, anatsegula sukulu, anaika akufa awo m'nthaka ino. Apwitikizi anali ndi chiyani ku Blantyre kapena ku Zomba mu 1889? Palibe ngakhale khumbi.

Ndipo pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Boma la Britain poyamba silinkafuna kwenikweni dera lino. Kumayambiriro kwa 1889 Harry Johnston, amene anadzakhala woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Britain, anatumidwa ku Lisbon, ndipo anabwerako ndi pangano losasainidwa limene linkapereka mapiri a Shire kwa Apwitikizi, posinthana ndi njira ya Angerezi yopita kumpoto. Blantyre ikanapita. Amene anakana ndi mipingo ya ku Scotland. Kunachitika misonkhano ku Edinburgh ndi ku Glasgow, abusa ndi akulu a mpingo oposa 10,000 anasaina kalata yodandaula, ndipo Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain, analitaya panganolo. Popanda anthu amenewo bwenzi tikulemberana m'Chipwitikizi pano.

Mbewe wa ku Ulongwe:
Bambo, ine ndimalemba Chipwitikizi kuntchito, koma pano ndikulemba Chichewa ngati inu. Chilankhulo cha amayi anga sichinafe chifukwa cha mzere umenewo.

Mkulu wa mpingo ku Ndirande:
Pepani achimwene, ndinalankhula mosasamala. Sindimafuna kunyoza. Mfundo yanga ndi yoti mpingo unali ndi dzanja lalikulu pa nkhaniyi.

Nachisale, wophunzira malamulo ku Zomba:
Ndiloleni ndiyankhe funso la aphunzitsi kuchokera ku mbali ya malamulo, chifukwa ine ndikuona kuti yankho lili poyera.

Anthu amakonda kunena kuti msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885 unalamula kuti dziko ndi la amene wakhazikitsapo ulamuliro wooneka. Lamulo limenelo lilimodi, m'ndime 34 ndi 35, koma linkanena za magombe a nyanja zazikulu, osati madera a m'kati ngati lathu. Salisbury ndi amene analikoka kuti lifike kumtunda kuno, pomwe anatsutsa mapu a pinki aja mu 1887. Tsono lamulo limene Angerezi anaimirapo linali lotanthauzira okha.

Chachiwiri ndi chimene chimandikhudza kwambiri. Pangano lomwelo la ku Berlin lili ndi ndime 12, yonena kuti maiko akasemphana pa madera amenewa ayambe apeza mkhalapakati asanagwire zida. Portugal inapempha zimenezo. Britain inakana. Mukafuna chifukwa chake, yang'anani m'mbuyo pang'ono. Mu 1870 maiko awiri omwewa anakangana za chilumba cha Bolama, mlandu anaupereka kwa pulezidenti Grant wa ku America, ndipo anapambana ndi Apwitikizi. Mu 1875 anakangananso za Delagoa Bay, pomwe pali Maputo lero, woweruza anali pulezidenti MacMahon wa ku France, anapambananso Apwitikizi. Kawiri konse Britain inatuluka m'bwalo chimanjamanja. Kachitatu inakana kulowamo.

Munthu amene wakana bwalo chifukwa akudziwa kuti akhoza kugwa nawo mlandu, n'kuitanitsa zombo zankhondo m'malo mwake, sitinganene kuti wakambirana. Sitima yotchedwa Enchantress inkadikira pa doko la Vigo ku Spain kuti inyamule kazembe uja, ndipo aliyense ku Lisbon ankadziwa chimene chikanatsatira kazembeyo akangochoka.

Aphunzitsi a ku Chiromo:
Mwanawe Nachisale, za Bolama ndi Delagoa Bay wazigwira pamutu penipeni. Koma ndikufunse. Mkhalapakati akanapezeka, akanakhala mfumu ina kapena pulezidenti wina wa kunja. Mboni zikanakhala Johnston ndi Serpa Pinto, mtsogoleri wa asilikali a Chipwitikizi pa Shire. Kodi zikanasintha chiyani kwa munthu wa ku Chiromo?

Nachisale, wophunzira malamulo ku Zomba:
Kwa munthu wa ku Chiromo mbendera ikanatha kusintha, agogo, koma mwini mlandu akanakhalabe panja. Ndikuvomereza. Ndimangofuna tisamautche chilungamo mlandu umene ngakhale malamulo a atsamunda omwewo sanautsatire.

Mdzukulu wa Amagololo, Chikwawa:
Mwalankhula za Lisbon, za Berlin, za Edinburgh. Palibe amene watchula anthu amene anafa. Ndiloleni.

Makolo athu anabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, n'kutsala kuno m'zaka za m'ma 1860. Maina awo alipo mpaka lero pa mipando ya ufumu: Kasisi, Katunga, Maseya, Mlilima. Mu Ogasiti 1889 Johnston, akukwera Shire, anakumana ndi Serpa Pinto ali ndi gulu lalikulu la asilikali, ndipo anamuchenjeza kuti asawoloke Ruo. Johnston anapitirira ulendo wa kunyanja, n'kusiya nkhani m'manja mwa John Buchanan wa ku Zomba, amene ankagwirizira ukazembe. Buchanan analembera Serpa Pinto kuti dziko la Amagololo lili pansi pa chitetezo cha Mfumukazi Victoria, ndipo pa 21 Seputembala analengeza poyera. Mafumu anapatsidwa mbendera.

Mbendera anapatsidwa, msilikali sanapatsidwe ngakhale mmodzi. Pa 8 Novembala 1889 anthu a Mlauli, mfumu ya Amagololo, anakathira nkhondo msasa wa Apwitikizi ku Mupassa, kumunsi kwa Shire, atanyamula mbendera za Angerezi zija. Anakumana ndi mfuti zolavula zipolopolo mosalekeza. Anagwa ambiri, mbendera zinalandidwa. Kenako João de Azevedo Coutinho, mkulu wina wa asilikali a Chipwitikizi, anawoloka Ruo, nalanda Chiromo, n'kukwera mpaka kwa Katunga, pa doko pomwe katundu wa ku Blantyre ankatsikira.

Uthenga utafika ku London, mkwiyo waukulu unali woti mbendera ya Britain yanyozedwa ndipo amishoni ali pangozi. Magazi a anthu a Mlauli ndi amene anapatsa Salisbury chifukwa cholembera kalata ya mu Januwale ija. Koma m'pangano la 1891 simupezamo dzina la Mlauli.

Mmang'anja wa ku Nsanje:
Achimwene a ku Chikwawa, imfa ya anthu aja ndi yomvetsa chisoni, ndipo sindikuichepetsa. Koma poti talowa mlandu wa eni nthaka, tiulowe wonse. Amagololo anali atakhala kuno zaka zosakwana 30 pomwe ankalandira mbenderazo. Anapeza Amang'anja atafooka ndi njala ya 1862 ndi 1863 komanso nkhondo za ogula akapolo, ndipo anatenga ulamuliro ndi mfuti. Ufumu wa Lundu unaphwanyidwa ndi iwowo. Tsono pamene Angerezi ankati "mafumu a dzikoli atipempha chitetezo", ankanena za mafumu amene anali anzake a Livingstone, osati a Lundu, osati a Tengani, osati osunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi.

Apwitikizi nawo ankachita chimodzimodzi mbali yawo. Aliyense ankasankha mfumu imene imuvomere, n'kuitcha mwini dziko.

Mdzukulu wa Amagololo, Chikwawa:
Zoona zilipo m'mawu anu, malume. Sindikana kuti makolo athu anagwiritsa ntchito mfuti. Koma kumbukiraninso kuti anthu ambiri anathawira m'malinga mwawo chifukwa kumeneko sankagulitsidwa kwa azungu a ku Zambezi, ndipo amayi athu onse ndi Amang'anja. Amene anagwa ku Mupassa ambiri anali ana a Amang'anja omwewo. Magololo enieni anali ochepa kwambiri.

Mmang'anja wa ku Nsanje:
Apo tagwirizana. Ndiye kuti maliro a ku Mupassa ndi athu tonse.

Nangozo wa ku Lizulu:
Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Kwathu malire si mtsinje, ndi msewu wa M1. Ukaima pa Lizulu kuyang'ana ku Dedza, dzanja lamanja ndi Malawi, lamanzere ndi Mozambique. Munda wa achemwali a amayi anga uli tsidya, manda a agogo athu ali chakufupi ndi phiri la Domwe, komwe Angoni a Maseko anakhazikika nthawi ya Chikuse. Inkosi Gomani ili mbali ino, anthu ake ena ali mbali iyo. Funso langa ndi ili: mkangano unali wa Shire ndi Ruo, kutali ndi kwathu. Zinatheka bwanji kuti mpeni udzadutse pakati pa ife?

Aphunzitsi a ku Chiromo:
Mayi Nangozo, funso lanu ndi limene limandipweteka kwambiri pa nkhani yonseyi, ndiye ndiyankha motalikirako.

Mapangano anali awiri, osati limodzi. Loyamba linasainidwa ku London pa 20 Ogasiti 1890. M'menemo malire ankatsika ndi Ruo mpaka pano pa Chiromo, kenako n'kuwongoka chakumadzulo mpaka pa Zambezi, pakati pa Tete ndi mathithi a Cahora Bassa. Tengani mapu mujambule mzere umenewo. Muona kuti Angonia yense, Zobue, Furancungo ndi dziko lakale la Undi zikanakhala mbali ya Angerezi. Domwe ndi Lizulu zikanakhala pansi pa boma limodzi. Koma Nsanje ikanakhala ya Apwitikizi.

Anthu a ku Lisbon, mkwiyo wa mu Januwale usanazizire, anaona panganolo ngati manyazi ena, ndipo nyumba yawo ya malamulo sinalivomereze. Boma linanso linagwa. Mu Novembala 1890 maiko awiriwa anangogwirizana zoti aliyense akhale kaye pomwe ali.

Mpata umenewo ndi umene Cecil Rhodes, mkulu wa kampani ya Angerezi imene inkalanda Mashonaland, anaugwiritsa ntchito. Iye maso ake sanali pa Shire, anali pa golide wa ku Manica, pa malire a Zimbabwe ndi Mozambique a lero, ndi njira ya ku Beira. Apolisi a kampani yake analowa kwa mfumu Mutasa mwezi womwewo wa Novembala, n'kumanga akuluakulu awiri a Chipwitikizi, Paiva de Andrada ndi Manuel António de Sousa. Mu Meyi 1891 anawomberana ku Macequece. Pofika pa tebulo kachiwiri, Angerezi anali atagwira mapiri a Manica ndipo sanafune kuwabweza. Salisbury ankaopanso kuti akawapanikiza kwambiri Apwitikizi ufumu wawo ugweratu, ndiye anafuna chowapepesera. Chipepeso chake chinali dera lalikulu kumpoto kwa Zambezi.

Ndiye pangano la Juni 1891 linati malire atsike ndi Shire mpaka kumunsi kwa Chiwanga, akhotere kumadzulo, kenako atsate msana wa mapiri pomwe madzi amagawikana, ena kupita ku Zambezi, ena ku Shire ndi kunyanja. Msewu wanu wa pa Lizulu umayenda pa msana umenewo. Madzi a mvula akagwa kumanzere ndi a Mozambique, akagwa kumanja ndi a Malawi. Mayi, banja lanu linagawidwa kuti Rhodes asunge Manica.

Nangozo wa ku Lizulu:
Ndawerenga kawiri. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti mwina panali nkhondo ina kwathu imene agogo anagonja. Kani tinali malipiro a mlandu wa eni ake, wa kutali ku Manica. Mtima wanga wawawa.

Mbewe wa ku Ulongwe:
Achemwali, ndiye kuti ine ndi inu tinatsala pang'ono kukhala a boma limodzi. Miyezi khumi yokha pakati pa mapepala awiriwo.

Phiri wa ku Katete:
Moni kuchokera ku Zambia. Zimene afotokoza aphunzitsi ife timaziona ndi maso chaka chilichonse pa Kulamba ku Mkaika. Mafumu a Chichewa amachokera maiko atatu kudzagwada kwa Kalonga Gawa Undi, ena atadinditsa mapepala pa chipata kuti akaone mfumu yawo yomwe. Likulu lakale la Undi ku Mano lili ku Mozambique, mpando uli ku Zambia, anthu ochuluka ali ku Malawi. Mzere umene unachoka pa msana wa mapiri uja n'kupita ku mtsinje wa Luangwa ndi wa pangano lomwelo la 1891.

Mmang'anja wa ku Nsanje:
Ine ndiye ndadzidzimuka mbali inayo. Ndiye kuti Apwitikizi akanavomera pepala loyamba, Khulubvi ikanakhala ku Mozambique. Palibe anapita kukafunsa kwa Tengani kuti mukufuna mbali iti.

Mkulu wa mpingo ku Ndirande:
Abale, zonse mwanenazi ndazimva, ndipo sindikutsutsa kuti njira yake inali yoipa. Koma tinene zoona pa zotsatira zake. Anthu ankathawa kuchokera kuti kupita kuti? Kuyambira m'ma 1890 Alomwe miyandamiyanda anawoloka kuchokera ku Mozambique kubwera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe.  Ufulu tinalandira mu 1964, anzathu anadikira mpaka 1975 atakhetsa magazi zaka khumi. Chibakera cha Salisbury, ngakhale chinali chibakera, chinatitchinjiriza ku zambiri.

Anamulomwe a ku Phalombe:
Bambo, anthu mukuwanenawo ndi agogo anga, ndiye ndiyankhe ndine. N'zoona anathawa. Agogo aakazi ankatiuza za mbalamatodya, thabwa lobowolabowola limene ankamenya nalo m'manja mpaka kutupa, ndi za amuna ogwidwa kukagwira ntchito yokakamiza. Koma atawoloka anakafikira kuti? Pa esiteti ya mzungu. Malo okhala ankalipira ndi thangata, miyezi yolima munda wa bwana pomwe wako ukumera tchire. Ukadandaula, ankakuuza kuti bwerera kwanu. Anthu amene analibe kobwerera ndi amene ankaponderezedwa koposa, ndipo ambiri mwa amene anatsata John Chilembwe mu 1915 anali a mtundu umenewu, a m'minda ya Bruce ku Magomero.

Sindikuti mbali ziwirizi zinali zofanana. Agogo anasankha kuno, ndipo ankadziwa chimene ankasankha. Koma musawaike ngati mboni yoti mlandu unaweruzidwa bwino. Iwo ankangofuna pomwe chikwapu chili chofupikirako.

Mkulu wa mpingo ku Ndirande:
Mayi, mawu anu ndi olemera, ndawalandira. Ndingowonjezera kuti amishoni ena a ku Blantyre, monga David Clement Scott ndi Alexander Hetherwick, anadzakangana ndi Johnston yemweyo pa nkhani za msonkho ndi nkhondo zake. Sanangowomba m'manja.

Aphunzitsi a ku Chiromo:
Zimenezo n'zoona, bambo. Koma a ku Phalombe atifikitsa pa chinthu chimene mawu oti "chitetezo" amabisa. Mkangano wa ku Lisbon unali woti ndani akhale ndi ulamuliro. Ulamuliro utangopezeka, nkhani inasanduka ya nthaka yeniyeniyo. Chitetezo cha dziko lonse chinalengezedwa ndi boma la Britain mu Meyi 1891, ndipo kuyambira 1892 Johnston anayamba kupereka zikalata zotsimikiza malo amene azungu ankati anagula kwa mafumu, nthawi zambiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Maekala oposa 3 miliyoni anapita m'njira imeneyi, mbali yaikulu kumpoto, koma nthaka yabwino ya mapiri a Shire inagwera kwa Eugene Sharrer, kwa a Bruce, ndi kwa banja la Buchanan. Inde, Buchanan yemwe uja amene analengeza chitetezo cha Amagololo mu 1889 anali mlimi wa khofi wokhala ndi minda yake ku Zomba. Ndipo ndalama zoyendetsera boma latsopanolo, mapaundi 10,000 pachaka, zinkachokera ku kampani ya Rhodes.

Tsono amene ankalemba makalata onena kuti Amagololo akufuna chitetezo anali ndi zawo zofuna kuteteza.

Namwino ku Glasgow:
Ndili kuno ku Scotland zaka zisanu ndi zitatu. Anthu akamva kuti ndine wa ku Malawi amasangalala, amandiuza za Livingstone ndi Blantyre yawo yaing'ono ya kuno. Chikondi chawo ndi chenicheni, ndachiona. Koma nkhani ya 1889 amaifotokoza ngati anatipulumutsa, basi. Za Manica ndi za Angonia sindinamvepo munthu akuzitchula, ndipo inenso ndazidziwa lero. Funso langa: pa zonsezi, kodi dziko lathu linapatsidwako njira ya kunyanja yaikulu? Poti vuto lathu mpaka lero ndi lomwelo.

Nachisale, wophunzira malamulo ku Zomba:
Linapatsidwa, achemwali, koma pa madzi ndi pa mchenga. Pangano la 1891 linati Zambezi ndi Shire zikhale zotseguka kwa zombo za maiko onse, ndipo katundu wodutsa m'dziko la Apwitikizi asalipitsidwe msonkho wopitirira 3 pa 100 iliyonse. Britain inabwerekanso kamalo ku Chinde, pa khomo limodzi la Zambezi, kwa zaka 99, kuti katundu azitsika m'sitima zazikulu n'kukwera zazing'ono za mumtsinje popanda kasitomu ya Chipwitikizi. Khomo la Chinde limeneli Daniel Rankin anali atangolidziwitsa kwa Angerezi mu 1889, ndipo linasintha mlandu wonse, chifukwa kale ambiri ankayenera kudzera ku Quelimane, m'manja mwa Apwitikizi. Johnston mwini analowera pomwepo ndi sitima yankhondo.

Koma nyanja inkadya gombe la Chinde chaka ndi chaka, Shire anayamba kuphwa, namondwe anawononga tauniyo mu 1922, ndipo chaka chomwecho njanji ya ku Beira inatsegulidwa. Zaka 99 zija sizinakwane n'theka lomwe.

Mmang'anja wa ku Nsanje:
Ndipo doko lathu la pa Nsanje, lotsegulidwa mu 2010, likungokhala. Bwato loyamba linaimitsidwa ku Mozambique lisanafike. Ufulu woyenda pa Zambezi umene analemba azungu awiri uja sunatithandize pomwe tinaufuna.

Mbewe wa ku Ulongwe:
Malume, pamenepo pali mbali ziwiri, ndipo tikayamba sitimaliza lero. Kuno anthu ankati mtsinje uli m'dziko lathu, tiyenera kufunsidwa kaye ndi kuona zimene zombo zichite ku madzi ndi nsomba. Ndi dandaulo lomwe lija tikulinena pano, loti musagamule za kwathu ife kulibe.

Phiri wa ku Katete:
Nanga za nyanja ndi Tanzania si mlandu womwewu?

Nachisale, wophunzira malamulo ku Zomba:
Ndi chaka chomwecho koma pepala lina, la Britain ndi Germany la pa 1 Julayi 1890, limene linaika malire pa gombe la kum'mawa. Mbali ya Mozambique nayo poyamba inali pa gombe, ndipo anadzaisunthira pakati pa nyanja mu 1954, Likoma ndi Chizumulu n'kutsala zathu. Tiitsegulire mutu wakewake imeneyo, ndi yaitali.

Nangozo wa ku Lizulu:
Ine ndibwerere pa zanga pang'ono. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, m'ma 1980, anthu a tsidya anadzaza kwathu. Boma ndi mabungwe ankawalemba kuti othawa kwawo. Amayi anga ankakwiya nalo dzina limenelo. Ankati, "Uyu ndi mwana wa mlongo wanga, wathawa kwawo kuti? Wangowoloka msewu." Tinagona anthu khumi ndi anayi m'nyumba ya zipinda ziwiri kwa zaka zitatu. Lero ndikanakonda amayi akanakhala moyo kuti ndiwawerengere zimene alemba aphunzitsi, chifukwa iwo ankadziwa kuti mzerewo ndi wabodza koma sankadziwa kuti unagulidwa ndi chiyani.

Mkulu wa mpingo ku Ndirande:
Ine ndikadali pa mfundo yanga yoti kugwera mbali ya Angerezi kunatipepukirako, ndipo sindichita manyazi kuthokoza anthu a ku Scotland amene anasaina kalata ija. Koma mawu oti "chinatitchinjiriza" ndawaona kuti ndimanena ine wa ku Blantyre. A Mbewe ndi abale a mayi Nangozo ndi amene analipira kuti ine nditchinjirizidwe. Zimenezo sindinkaziwerengera.

Mdzukulu wa Amagololo, Chikwawa:
Aphunzitsi, ndili ndi pempho limodzi. Mukamakamuyankha mdzukulu wanu, musayambire kwa Salisbury kapena kwa Serpa Pinto. Mabuku onse amayambira kumeneko. Yambirani kwa anthu amene anapatsidwa nsalu yamawangamawanga n'kuuzidwa kuti ikutetezani, iwo n'kuinyamula kupita nayo kutsogolo kwa mfuti. Mumuuze dzina la Mlauli. Mumuuzenso zimene anena malume a ku Nsanje, kuti Lundu ndi Tengani analipo kale Mlauli asanabwere, ndipo nawonso sanaitanidwe.

Aphunzitsi a ku Chiromo:
Ndamva, achimwene. Loweruka sapita kusukulu. Ndimutenga tikakwere bwato lomwe lija, tikaime tsidya la Ruo, ndikamuloze kumunsi kwa Shire komwe kuli Mupassa, ndipo ndikayambira pamenepo.